Nyimbo Yotsitsira Akufa

Paris, 15 Novembala 1739

Okondedwa bambo anga,

Moni kwa inu, kwa amayi, kwa achemwali anga a Philiberte ndi kwa alamu anga a Colomban. Ine ndili bwino, kaya inu kumeneko. Kodi dzanja lanu likupola? Chonde musamasule nsalu msanga, ndipo nkhwangwa muwasiyire alamu.

Tinayenda masiku makumi awiri ndi atatu. Nsapato zinandiluma kuyambira ku Lyon koma mabala auma tsopano. Viyela yanu, choimbira chathu cha zingwe chopukusa chija, yafika bwino. Mvula itatipeza panjira ndinaifunditsa shawelo yanga. Gudumu silinapindike, zingwe zonse zilipo, thonje la pazingwe ndasintha monga munandiphunzitsira, ndipo utomoni ndikupaka pang'ono pang'ono.

Anzanu a Cimaz anandilandira. Akalamba, koma akunyamulabe nkhuni kudoko. Nditakhala tsiku lonse osayankhula anati, "Kodi mwana wa Ratel, lilime unalisiya kumapiri kuti lizidyetsa mbuzi?" Akuti ndikupatseni moni.

Ndinaimba pamlatho masiku asanu ndi anayi. Kupukusa sikundivuta. Chondivuta ndi kuyang'ana anthu, ndipo woimba wowerama anthu amangomudutsa. Tsiku labwino ndinkapeza ndalama zokwana masou khumi, pamene buledi wamkulu ndi masou asanu ndi atatu.

Lachiwiri lapitali bambo wina wovala jasi lakuda anaima mpaka nyimbo zitatu. Dzina lawo ndi a Coquereau, mkulu wa oimba kunyumba ya bwana wina wolemera, a de Vaucelin.

"Iwe mtsikana, nyimbo zimenezi wazitenga kuti?"

"Ndi za bambo anga."

"Zinalembedwa papepala?"

"Ayi, bwana."

"Uli nazo zingati?"

Ndinawerenga ndi zala kuti ndisaname, ndipo ndinati makumi awiri ndi zinayi. Iwo anaseka n'kunena kuti ndipite Lolemba. Akuti masiku ano anthu akuluakulu akukonda viyela ndi chitoliro cha thumba, zoimbira zathu za anthu osauka, ndipo akuziika pamodzi ndi mavayolini m'zipinda zawo. Ndizidya komweko, kugona komweko, ndi kulandira malivre asanu ndi limodzi pamwezi. A Cimaz anati, "Pita, koma anthu amenewo akakonda chinthu amachidya mpaka fupa."

Zimene munandiuza pakhomo sindinaiwale, ndipo ndikuzilemba kuti muone kuti ndinamva. Nyimbo yotsitsira akufa ndi ya tsiku limodzi lokha pachaka, chipale chikasungunuka, pamene tikutsitsira kumanda a kutchalitchi anthu amene anamwalira njira itatsekeka n'kusungidwa padenga. Siimbidwa m'nyumba. Siimbidwa popanda maliro patsogolo, chifukwa ikasowa woti imutsitse imakadzitengera yokha m'nyumba ya woimbayo. Ndidzabwera nayo viyela tsiku limenelo lisanakwane, kuti mudzi usasowe woimba.

Achemwali asamanyamule madzi ochokera kuchitsime cha kumunsi. Mwana akuyembekezeka mu Febuluwale, ndipo mukudziwa mmene zinavutira ulendo woyamba uja. Muwauze kuti ndanena ndine, ngakhale adzaseka.

Pepani ndi dontho la inki pakona. Kalatayi ndayamba ndailemba papepala lina, koma pokopera inki inadontha.

Ndine mwana wanu,
Gasparde

Paris, 6 Disembala 1739

Okondedwa bambo anga,

Moni kwa inu, kwa amayi, kwa achemwali ndi kwa alamu. Kalata yanu ndalandira ndipo ndaiwerenga katatu. Ndakondwa kuti zala ziwiri zayamba kupindika. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira. Anandipatsa kachipinda ka pansi pa denga. Kuno anthu sagona chipinda chimodzi ndi ng'ombe, ndiye palibe chotenthetsa munthu. Mayi Barbe, amene amaphika, anandibwereka bulangete. Amanditchula Mbira, ati ndine kanyama ka kumapiri. "Idya, Mbira, kuno buledi sitidula ndi nkhwangwa ngati kwanu."

Oimba tilipo asanu. A Coquereau amakhala pa limba, a Nicaise ndi a vayolini, wina wa chitoliro, wina wa vayolini wamkulu wopanira ndi maondo, ndi ine. Onsewo amayang'ana papepala. Ine a Coquereau amandiimbira kawiri ndi pakamwa, ndiye ndimagwira. A Nicaise sakondwa nane. Ndikamakonza zingwe amati, "Tiyeni tidikire, anzanga, chigayo sichinalire." Galu wa viyela akayamba kuuwa pa nyimbo zovina, iwo amatseka khutu ndi chala. Koma alendo amamukonda galuyo. Mayi wina anapempha kuti amuone, ndipo atapeza kuti ndi kamtengo kochepa ngati chikhadabo anakhumudwa.

Pakabwera alendo amandiveka ngati mbusa: diresi la silika, maliboni, ndi ndodo yoti sinakhudzepo nkhosa. Musawauze amayi.

Mwana wa abwana, adona aang'ono a Apolline, akuphunzira viyela ndipo ndimawathandiza. Yawo ndi yokongoletsedwa ndi minyanga ya njovu, koma mawu ake ndi ochepa poyerekeza ndi yanu. Ndi msinkhu wanga, ndipo ndi munthu wabwino. Anandifunsa kuti, "Gasparde, kwanu abusa amavaladi chonchi?" Ndinati, "Ayi adona, amavala chikopa, ndipo amanunkha." Anaseka mpaka misozi, kenaka anandipatsa theka la lalanje lawo.

Adona aang'onowo adzakwatiwa pa 22 Febuluwale, ndipo a Coquereau alamulidwa kukonza nyimbo zatsopano za tsikulo. N'chifukwa chake ananditenga. Masana aliwonse amandikhazika pampando, iwo cholembera m'manja, n'kunena kuti, "Ina." Ndikamaliza amati, "Ina." Mawa lake ndimaimva nyimbo yanu ija ikutuluka m'mavayolini itasintha, ngati munthu wakumudzi amene wabwera ku Misa ndi jekete lobwereka. Ndawapatsa kale khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Zikutha msanga kuposa mmene ndinkaganizira.

Ndatumiza malivre anayi. Mugule mchere ndi makandulo, ndi nkhuku imodzi ya achemwali okha, alamu asaione. Nsalu ya mwana ndaiona pamsika koma ndidikira mwezi wamawa.

Ndine mwana wanu,
Gasparde

Paris, 20 Disembala 1739

Okondedwa bambo anga,

Moni kwa nonse. Achemwali ali bwanji? Akudya? Miyendo ikutupa? Mundiyankhe zimenezi poyamba, zina pambuyo.

Ine ndili bwino. Sindikudya kwambiri koma si matenda.

Amayi asamakwere okha makwerero a kosungira udzu. Alamu akamapita ndi chileyi kumtunda, asapite tsiku lotsatira chipale chatsopano. Inunso bala likayamba kununkha mutsike kwa dokotala ku Saint-Jean njira isanatsekeke, musayambe kunena za mtengo wake.

Pali zimene ndikufuna kufunsa, kungofuna kudziwa basi. Nyimbo ija, zinachitikapodi kapena ndi mawu chabe a anthu akale? Ndikukumbuka kuti tsiku lina munayamba kukamba za a Filliol ndi ana awo awiri, koma amayi anakudulani. Nanga munthu akaiimba kutali kwambiri, kuseri kwa mapiri onse, imadziwa njira? Nanga akaiimba asakufuna?

Mupemphe abambo mfumu achite Misa imodzi ya banja lathu. Ndaika masou khumi ndi awiri m'kalatamu. Akafunsa chifukwa, munene kuti palibe chifukwa.

Khirisimasi yabwino kwa nonse. Muzindisungira malo pabenchi.

Ndine mwana wanu,
Gasparde

Paris, 17 Januwale 1740

Okondedwa bambo anga,

Moni kwa inu, kwa amayi, kwa achemwali ndi kwa alamu. Ndathokoza Mulungu kumva kuti nonse muli bwino ndi kuti mwana akusuntha m'mimba. Kuno kwazizira moti madzi a mumtsinje aundana gwa ngati mwala, anthu akuwoloka wapansi. Mtengo wa nkhuni wawirikiza.

Pansi pa kalata yanu munalemba funso la liwu limodzi lokha. Yankho lake ndi inde. Ndinaimba.

Ndilemba mmene zinakhalira, osachotsa kanthu. Linali Lachitatu, pa 16 Disembala, masana. Nditangomaliza nyimbo ya makumi awiri ndi zitatu, abwana eni ake analowa ndi alendo awiri. A Coquereau anati, "Ina."

"Zatha, bwana."

Anatembenuza mapepala awo. "Pamlatho paja unati makumi awiri ndi zinayi. Ine ndili ndi makumi awiri ndi zitatu. Kapena mbira sizidziwa kuwerenga?"

"Yatsalayo si yabwino."

"Zabwino ndi zoipa amanena ndine. Iwe pukusa."

A Nicaise anati, "Musiyeni, mwina ndi yotukwana. Taonani makutu afiira."

Onse anaseka, ndipo maso onse anali pa ine. Abwana anagogoda pansi ndi ndodo. Bambo, mukundidziwa. Dzanja linapeza kuti kupukusa n'kosavuta kuposa kuyankhula. Ndinachotsa galu kuti asauwe, monga mwa lamulo la nyimboyo. Ndinkati ndingoyamba pang'ono n'kunamizira kuiwala. Koma m'chipinda munangoti zii, ndipo ndinaopa kusiya kuposa kupitiriza. Ndinaimba yonse, ndi malo atatu aja amene timapuma kuti onyamula asinthane mapewa.

Nditamaliza a Coquereau anapukuta m'maso. Anati, "Chitsiru iwe, unkandipatsa makoko okhaokha, chipatso utabisa. Iyi ndiye idzatsekere ukwati."

Mawa lake ndinalimba mtima n'kuwatsatira pamakwerero. Ndinawauza zonse, za denga, za chipale, za lamulo. Anamvetsera bwinobwino, kenaka anandisisita mutu.

"Mwana iwe, nyimbo ilibe maliro, ilibe ukwati. Ili ndi liwiro basi. Pukusa mofulumira uone ngati akufa ako sadzuka n'kuvina."

Ndi zimene achita. Malo opumira aja achotsa. Galu amubwezera, ndipo akufuna aziuwa kanayi gudumu likazungulira kamodzi. Chitoliro chimathamanga pamwamba pake ngati mwana wa mbuzi. Munthu wosaidziwa anganene kuti ndi ya chikondwerero, koma ndi yomweyo, bambo, palibe phazi limodzi limene lasintha. Timaiyeserera tsiku lililonse, nthawi zina kawiri. Ndikuika kamzere pakhoma la chipinda changa. Pofika dzulo timizere tinali makumi atatu ndi kamodzi. M'nyumba mwathumo muli anthu anayi, ndi wachisanu amene ali m'njira.

Ndikanangonena makumi awiri ndi zitatu pamlatho paja. Koma munandiphunzitsa yonse, ndipo ndinaona ngati kuisiya powerenga ndi bodza.

Sindikupempha kuti mundikhululukire panopa. Ndiuzeni chochita. Achemwali musawauze.

Ndine mwana wanu,
Gasparde

Paris, 24 Januwale 1740

Okondedwa bambo anga,

Moni kwa nonse. Ndikhulupirira mukadali bwino monga munalili. Sindinathe kudikira yankho lanu.

Lolemba ndinadula chingwe chapamwamba ndi mpeni n'kunena kuti chaduka ndi chisanu. Mundikhululukire, chinali chingwe chanu chabwino. A Coquereau anangoti, "Nicaise, imba gawo la Mbira," ndipo nyimbo inapitirira ine nditakhala pomwepo. Pofika masana chingwe chatsopano chinali chitabwera. Lachiwiri ndinapita kukalapa. Ansembe akuno anati zimenezo ndi zikhulupiriro za kumapiri, ndizimvera mabwana anga. Iwo sanatsitsepo munthu padenga.

Lachitatu ndinapita kudoko kukawauza a Cimaz kuti ndithawa, ndibwerere kwathu ngakhale m'chipale. Anatula nkhuni n'kuvula chipewa.

"Madzi atayika, mwana wa Ratel. Ili papepala. Adzaiimba ulipo kapena kulibe, ndipo amene anaitsegulira khomo ndiwe. Koma tandiuza. Lamulo likuti imapita kuti?"

"Kunyumba ya woimba."

"Nanga iwe umadya kuti?"

"Kwa a de Vaucelin."

"Umagona pansi pa denga la ndani? Ndiye ukuthamangira kwanu kuti ukaionetse njira?"

"Koma a Cimaz, m'nyumba muja mulinso anthu."

"Ine sindinanene kanthu. Ndangofunsa komwe umadya." Ndipo ananyamula nkhuni zawo.

Ndaganiza masiku atatu. Ndikhala kuno. Koma kumeneko kukadali zinthu zonena kuti ndine wa m'nyumbamo. Chonde chitani izi tsiku lomwe kalatayi ifike, musadikire Lamulungu.

Mbale yanga yamtengo, ya chilembo G pansi, ndi supuni yake, muzitulutse. Musaziike m'khola, mukapatse anthu ena. Udzu wa pogona panga muutenthe. Mbuzi yanga yoyera mukaipereke kwa a Tracq kutsidya la chigwa. Malo anga pabenchi akhalepo wina. Pa kolona ya madzulo musanditchule. Munthu akafunsa kuti muli ndi ana angati, munene kuti mmodzi. Amayi adzalira. Muwauze kuti ndi za kanthawi, ngakhale sindikudziwa ngati ndi za kanthawi. Ndalama ndizitumiza m'dzina la a Cimaz.

Adona aang'ono akutsokomola kuyambira Lachinayi. Ndi iwo amene anandipatsa magolovesi ataona zala zanga zitang'ambika ndi chisanu. Dzulo pophunzira anatsokomola mpaka kusiya chopukusira, ndipo ine ndinamvetsera chifuwacho. Zimene mtima wanga unachita sindilemba. Magolovesi ndawabwezera. Anadabwa, anati, "Kodi ndakulakwira, Gasparde?" Ndinati akundithina.

Gasparde,
wa kunyumba ya a de Vaucelin

Paris, 28 Febuluwale 1740

Kwa a Ratel ndi a m'nyumba mwawo,

Moni kwa inu nonse. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino. Masabata asanu ndi limodzi atha popanda kalata. A Cimaz akuti njira ya m'chigwa yatsekeka ndipo palibe wa kwathu amene walandira kanthu, choncho sindikudandaula. Ndawerenga masiku, ndipo ndikuona kuti kalata yomaliza ija inayenera kufika njira isanatsekeke.

Ukwati unachitika Lolemba. Makandulo amene anayatsa masana okha akanakwanira tchalitchi chathu zaka ziwiri. Anavina nyimbo zonse, koma yotsekera ija anaiitanitsa katatu. Chifuwa cha adona aang'ono chinatha sabata ya ukwati isanafike, ndipo anavina mpaka nsapato kuvuka. Amayi a abwana, a zaka makumi asanu ndi atatu, anawabweretsa pampando, ndipo ankagogoda ndodo motsatira galu. Ine ndinaimba osalakwitsa. A Nicaise anati, "Lero chigayo chagaya ufa wosalala," ndipo aka kanali koyamba kundiyankhula bwino.

Potsazika, adona aang'ono anandigwira manja onse awiri. Anati, "Nyimbo yako ija ndiiphunzira ndithu, ndidzaimbire ana anga." Ndinafuna kuwaletsa koma ngolo inali itakonzeka.

Muno aliyense ali bwino. Anthu a m'nyumba muno, pamodzi ndi antchito, atsala makumi awiri ndi asanu, ndipo palibe ngakhale wa chimfine, pamene m'misewu anthu akufa ndi chisanu tsiku lililonse. Mayi Barbe anandigwira dzana. "Iwe Mbira, bwanji m'mawa uliwonse umatiwerenga ngati nkhosa? Ukufuna kugulitsa ndani?" Ndinaseka nawo.

A Coquereau apereka nyimbo zonse kwa osindikiza. Kuno nyimbo iliyonse amaipatsa dzina la munthu. Anandiitana kuti andionetse tsamba lomaliza, akumwetulira ngati akundipatsa mphatso. Pamwamba pake alemba dzina langa. Akuti mabuku mazana atatu. Ndinawapempha kuti aike dzina lina lililonse. Anati, "Manyazi akowa adzakupha. Ena amalipira kuti dzina lawo likhale pamenepo." Lachisanu ndinamva munthu wosesa pakhomo la nyumba ina akuiimba ndi mluzu. Timizere ndasiya kulemba.

Nsalu ya mwana ndagula, yofewa, ndi kachipewa. Sindinatumize. Ndikusunga mpaka ndimve.

Ngati alipo amene angalembe, alembe ngakhale mzere umodzi. Safunika kunditchula mwana.

Gasparde

Paris, 10 Epulo 1740

Okondedwa bambo anga,

Moni kwa inu, kwa amayi, kwa alamu anga a Colomban, ndi kwa kamwana. Ndaima pamenepa nthawi yaitali ndi cholembera m'manja.

Kalata yanu ya pa 19 Malichi yafika Lachinayi. A Cimaz anabwera nayo okha kukhitchini, ndipo anakana kukhala pansi. Mwalemba kuti ndibwere ndi viyela chifukwa tili ndi womutsitsa. Ndikudziwa kuti wogona padenga satchulidwa dzina mpaka atafika kumanda, ndipo sindikukufunsani. Mwalemba kuti kamwana ndi kakakazi, kolimba, ndi kuti kakuyamwa mbuzi yoyera. Ndamva, bambo.

Mwalembanso kuti kalata yanga inafika pa 6 Febuluwale, masiku asanu ndi anayi zisanachitike, ndi kuti munaiwerenga n'kuiika m'thumba. Mbale ili pamalo pake. Mwati mwana satulutsidwa m'nyumba ngati phulusa. Mawu amenewo ndawawerenga kambirimbiri. Tsiku lina ndimawagwira pachifuwa, tsiku lina ndimalephera kuwayang'ana. Mukanachita zimene ndinapempha, mwina. Koma mbuzi ikanakhala kwa a Tracq, kutsidya la chipale chonse chija, kamwanako kakanayamwa chiyani? Sindikudziwa. Tisadzakambirane zimenezi pamaso pa amayi kapena alamu.

A Coquereau ndawauza kuti ndikubwerera kwathu. Anati, "Ukusiya silika kuti ukaimbire mtembo umodzi?" Ndinati si mtembo, ndi achemwali anga. Anatsegula bokosi n'kundipatsa zingwe ziwiri zatsopano. Si munthu woipa. Mayi Barbe akundiwotchera buledi wa panjira, akundikalipira kuti ndaonda.

Ndinyamuka Lachiwiri la pambuyo pa Pasaka pamodzi ndi anthu a kwathu obwerera kuminda. Chaka chino chipale chichedwa kusungunuka, choncho ndidzafika nthawi ilipo. Alamu asaitane woimba wa kuchigwa. Ndi ntchito ya nyumba yathu.

Pali chinthu chimodzi. Nyimbo ija ndaiimba mofulumira maulendo oposa zana, koma mwa kayendedwe kake kenikeni kamodzi kokha. Dzanja langa tsopano lili ndi maganizo akeake. Ndikangogwira chopukusira limafuna kudumpha kanayi, ndipo pamalo opumira aja sindikudziwa ngati lidzaima. Kuyeserera sindingathe, mukudziwa chifukwa chake. Tidzadziwira panjira pomwepo, alamu ali patsogolo ndi katundu wawo paphewa, amayi ali pambuyo.

Choncho ndikupempha kuti tsiku limenelo musayende ndi amuna kutsogolo. Muyende kumanja kwanga, pafupi. Mukangomva kuti yayamba kuvinika, mundigwire mkono, ngakhale pamaso pa mudzi wonse.

Ndine mwana wanu,
Gasparde